Timagazini Timene Tinasunga Mawu a Amayi a ku Bengal

Ofufuza mbiri ya amayi a ku Bengal amakonda kuyambira pa buku la Rassundari Devi lotchedwa Amar Jiban, limene linatuluka mu 1876. Mayiyu anakwatiwa ali ndi zaka 12, ndipo anadziphunzitsa yekha kuwerenga pobisa kukhitchini tsamba limene anathothola m'buku lachipembedzo la mwamuna wake, pa nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti mkazi wodziwa kuwerenga sachedwa kukhala wamasiye. Koma kuyambira pamenepa kumasocheretsa pang'ono, chifukwa munthu angaganize kuti amayi ankalemba mabuku athunthu. Ambiri sanafikeko. Zimene analemba za moyo wawo zinkatuluka pang'onopang'ono m'timagazini timene anthu ochepa ankachita kusonkherana ndalama kuti tisindikizidwe ku Calcutta ndi m'matauni ena. Timagaziniti sitinali kothawira chabe osindikiza akuluakulu akakana. Tinali malo oyenerana ndi mmene amayiwo ankalembera, ndipo popanda ito mbali yaikulu ya mbiriyi bwenzi itatayika.

Buku limafuna nthawi yaitali, ndalama, dzina lodziwika ndi chilolezo cha akubanja, pomwe mkazi wapakhomo ankalemba mwakabisira, ntchito ikachepa. Magazini inkalandira masamba atatu kapena anayi, ndipo wolemba ankatha kubisa dzina. Bamabodhini Patrika, imene Umesh Chandra Dutta anayambitsa mu 1863 n'kukhalapo mpaka 1922, inali ndi gawo lapadera la zolemba za amayi, ndipo ambiri ankangodzitchula kuti mkazi wina wa dera lakutilakuti. Umboni wamphamvu koposa ndi wa Binodini Dasi, katswiri wa zisudzo wa ku Calcutta. Mbiri yake inayamba kutuluka mu 1910 m'magazini ya zisudzo yotchedwa Natya-mandir isanakhale buku la Amar Katha. M'mbiri imeneyi ndi mmene timamva, kuchokera pakamwa pa mwini wake, mmene nyumba ya zisudzo ya Star inamangidwira mu 1883 ndi ndalama za wamalonda Gurmukh Rai, amene anapereka chumacho Binodini atavomera kukhala mkazi wake wamseri; mmene anzake anamulonjezera kuti nyumbayo idzatchedwa dzina lake; ndi mmene anasinthira mawu poopa kuti anthu olemekezeka sadzalowa m'nyumba yotchedwa dzina la mkazi wobadwira m'dera la mahule. Mbiri yake yachiwiri inatuluka m'magazini ya Roop o Rang mu 1924 ndi 1925, koma inathera panjira. Wosindikiza mabuku sakanalandira nkhani yosatha. Ife tili nayo chifukwa magazini inkasindikiza chigawo chilichonse chikangolembedwa.

Wina angatsutse kuti akonzi ambiri anali amuna, choncho mawu amene tikumva anachita kusefedwa. Izi n'zoona ndipo siziyenera kuchepetsedwa. Cholinga cha Bamabodhini chinali kuumba mkazi wophunzira koma womvera, ndipo mkonzi wotere sakanathamangira nkhani ya mkazi wodandaula za ukwati wake. Komabe wotsutsayo amaiwala chinthu chimodzi: poti magazini yaing'ono sinkafuna chuma chambiri, mkazi nayenso ankatha kukhala mkonzi. Swarnakumari Devi anatenga ukonzi wa magazini ya Bharati mu 1884, ngakhale kuti iye anali wa banja lolemera la Tagore, ndiye chitsanzo chake sichifika patali. Chofika patali ndi cha Mahasweta Devi, amene mu 1980 anatenga Bortika, kamagazini ka malemu bambo ake Manish Ghatak, n'kukasandutsa bwalo la alimi osauka, oyendetsa rikisho ndi anthu a mitundu yonyozeka, kuti alembe okha zimene akumana nazo. M'menemo ndi mmene Chuni Kotal, mtsikana wa mtundu wa Lodha, analemba za moyo wake. Alodha ndi mtundu umene Angerezi anaulemba m'kaundula wa mitundu ya zigawenga, ndipo chitonzo chimenecho sichinachoke ndi ufulu wa dziko. Chuni anakhala mkazi woyamba wa mtunduwo kupeza digiri mu 1985, ndipo mu 1992 anadzipha atatopa ndi tsankho limene ankakumana nalo pa maphunziro ake. Chaka chomwecho olemba achi Dalit, ochokera m'mitundu yonyozeka, anakhazikitsa bungwe lawo la Bangla Dalit Sahitya Sanstha, ndipo magazini ya Chaturtha Duniya inakhala pakamwa pawo. Kalyani Thakur Charal, amene anadzatulutsa mbiri ya moyo wake mu 2016, anakulira m'mabwalo otere ndipo amakonza magazini yakeyake. Njira yochotsera sefa ya amuna ndi ya olemera inali kuyambitsa timagazini tina, ndipo zimenezo zinatheka.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera: kodi nkhani yowerengedwa ndi anthu ochepa, papepala losachedwa kufumbwa, yasungidwadi? Zambiri zinatayika ndithu, ndipo zimenezi n'zopweteka. Koma anthu a timagazini omwewo ndi amene anayamba kupulumutsa zotsala. Magazini ya Ekshan, imene Nirmalya Acharya ndi Soumitra Chatterjee anayambitsa mu 1961, inadziwika ndi kufukula zolemba zakale zoiwalika, kuphatikizapo mbiri za amayi, n'kuzipatsa owerenga atsopano. Sandip Dutta, ataona mmene timagazini tinkatayidwira ngati zinyalala, anatsegula laibulale yake mu 1978 m'nyumba ya kwawo ku Tamer Lane, pafupi ndi College Street ku Calcutta, ndipo anaisamalira mpaka imfa yake mu 2023. Kuchepa kwa owerenga kunalinso ndi phindu lake: magazini yosadalira otsatsa malonda inalibe wowaopa, ndipo mkazi ankatha kunenamo zimene nyuzipepala yaikulu ikanazengereza nazo.

Ena amati munthu akamafotokoza za iye mwini amakometsera, choncho zolembazi si umboni wodalirika. Komatu kaundula wa boma nayenso ali ndi zimene amasiya dala, ndipo za kukhitchini, za uchembere, za umasiye ndi za malipiro a mkazi wa zisudzo sanazilembe n'komwe. Wolemba mbiri ayenera kuwerenga Binodini mosamala monga awerengera mboni ina iliyonse, osati kumuika pambali. Amene angalembe mbiri ya amayi a ku Bengal kuchokera m'mabuku okha adzapeza makamaka akazi a mabanja ophunzira a ku Calcutta. Kuti apeze mtsikana wa mtundu wa Lodha, afunika atsegule mitokoma ya Bortika.