Helen Keller: Mawu Oyamba Anachokera pa Mjigo

M'mawa uliwonse timaona ana akupopa madzi pa mijigo ya kuno ku Linthipe. Pa mjigo wotere ndi pamene mbiri ya sabata ino inasinthira.

Helen Keller anabadwa pa 27 Juni 1880 ku Tuscumbia, m'chigawo cha Alabama ku America. Ali ndi miyezi 19 anadwala kwambiri, ndipo atachira sankaonanso kapena kumva. Anakula wolusa, womenya ndi kuswa zinthu, chifukwa analibe njira yonenera zimene zinali mumtima mwake.

Pa 3 Malichi 1887 kunabwera mphunzitsi wa zaka 20, Anne Sullivan, wochokera ku sukulu ya Perkins ku Boston, amene nayenso maso ankamuvuta. Iye ankalemba zilembo ndi zala m'chikhatho cha mwanayo. Helen ankatsanzira bwinobwino, koma osadziwa kuti zilembozo zili ndi tanthauzo. Patatha mwezi, Anne anaika dzanja limodzi la Helen pansi pa madzi a pa mjigo, uku akulemba liwu lakuti madzi m'dzanja linalo. Pomwepo mwanayo anazindikira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataphunzira mawu 30.

Kenaka anaphunzira zilembo za Braille. Anaphunziranso kumva zonena za anthu poika zala pa milomo ndi pakhosi pawo. Ku koleji ya Radcliffe, Anne ankakhala pambali pake m'kalasi namulembera m'dzanja zonse zimene aphunzitsi ankanena. Mu 1903 Helen anatulutsa buku la mbiri yake, The Story of My Life, ndipo mu 1904 analandira digiri.

Sanakhutire ndi kungotamandidwa. Anamenyera ufulu wa amayi woponya voti, anatsutsa nkhondo, nanenetsa kuti umphawi ndi ntchito zoopsa za m'mafakitale zimachititsa anthu ambiri khungu. Kuyambira 1924 anagwira ntchito ndi bungwe la American Foundation for the Blind. Anayendera maiko oposa 30, kuphatikizapo South Africa mu 1951. Anne anamwalira mu 1936, Helen pa 1 Juni 1968.

Nanga kuno kwathu? M'boma lathu la Dedza muli sukulu ya ana osamva ku Mua. Ku Chiradzulu kuli koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala, komanso malo a Chisombezi ophunzitsira ana osaona ndi osamva. Komabe sukulu siingathandize mwana amene wabisidwa m'nyumba chifukwa cha manyazi kapena mphekesera za ufiti.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikamadutsa pa mjigo sabata ino, tidzifunse: kodi m'mudzi mwathu muli mwana amene sitinamugwirepo dzanja? Ngati alipo, tipite tikacheze ndi makolo ake, tiwauze kuti sukulu zoterezi zilipo.