Mpikisano wa masukulu unayambira pa nyimbo ku Loudon

Adzukulu anga, inu mukamva za mpikisano wa masukulu maganizo anu amathamangira ku mpira, anyamata a ku Mzimba Secondary kapena a ku Robert Laws atavala yunifolomu, aphunzitsi akufuula m'mbali mwa bwalo. Khalani pansi ndikuuzeni zimene ankatisimbira makolo athu, chifukwa kuno kum'mwera kwa Mzimba masukulu anayamba kulimbana kalekale, ndipo ankalimbana ndi mawu.

M'chaka cha 1902 m'busa wa ku Scotland, Donald Fraser, anasamutsa mishoni kuchoka ku Hora n'kukaimanga pafupi ndi mudzi wa Inkosi Mzukuzuku, ku Embangweni. Malowo anawatcha Loudon. Nthawi imeneyo Angoni a kuno anali asanalowe m'manja mwa boma la Angerezi, poti izo zinachitika mu 1904. Nkhondo zinali zitazilala, koma mtima wofuna kuposa mnzako unali ukadali m'magazi mwa anyamata. Ingoma inkavinidwabe, zishango m'manja, mapazi akugunda pansi mpaka fumbi koboo, amayi akuwomba m'manja ndi kululutira.

Fraser sananyoze nyimbo za ingomazo. Anaona kuti maimbidwe a Chingoni ndi chuma, ndipo analimbikitsa Akhristu kuti azipeka nyimbo zotamanda Mulungu pa maimbidwe a makolo awo. Kenaka anakhazikitsa mpikisano wa chaka ndi chaka, woti magulu ochokera m'masukulu a m'midzi azibwera ku Loudon ndi nyimbo zatsopano.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa kumudzi ankaonekera kuti ndi katswiri kapena ayi. Makolo ankati dzuwa likapendeka, mphunzitsi ankaimika ana pansi pa mtengo, kamtengo kali m'manja, akugogoda pansi kuti onse ayendere limodzi. Wotsogolera akaponya mawu, ena onse ankayenera kuwalandira pa nthawi yake, osachedwa, osafulumira. Mmodzi akaphonya, nyimbo yonse inkayambanso. Mwana wa mawu okoma koma wosamvera anzake ankabwezedwa kumzere wa kumbuyo mpaka ataphunzira kudikira. Tsiku la mpikisano likayandikira ankanyamuka wapansi, ufa pamutu, mphasa pamapewa, akubwereza nyimbo yawo m'njira monse. Opambana ankabwerera kwawo mudzi wonse ukuwachingamira, ndipo ogonja ankayamba kupeka ina usiku womwewo.

M'nyengo imeneyo ndi mmene munatchuka opeka nyimbo monga Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula. Chirwa ndi mmodzi mwa Afirika atatu oyamba amene mishoni ya Livingstonia inawadzoza ubusa mu 1914, ndipo anatumikira ku Loudon komweko. Nyimbo zambiri za anthu amenewa zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu, limene mipingo ya CCAP mu Sinodi ya Livingstonia ikuimbabe mpaka lero. Fraser anachoka kuno mu 1925 n'kumwalira mu 1933, koma phulusa la thupi lake analibweretsa kudzaliika ku Loudon.

Mpira utafika m'masukulu unapeza njira italambulidwa kale. Ana ankadziwa kuti gulu limakhala ndi mtsogoleri, kuti kukonzekera kumayamba miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndiponso kuti ukaimira sukulu waimira mudzi wako ndi mfumu yako. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi akale ankaudziwa mwambi umenewu pa ntchito yawo. Iwo analibe chuma, koma ankaumba gulu pogwiritsa ntchito zimene ana anabadwa nazo.

Tsono inu aphunzitsi a lero, musamadikire kuti mipira ndi nsapato zichokere ku Lilongwe kuti muyambe. Sonkhanitsani ana madzulo, aphunzitseni kumverana, ndipo apititseni akakumane ndi sukulu ya tsidya lina. Inunso makolo, tsiku la mpikisano likafika, siyani khasu mukawachemerere ana anu.