Mzinda wakale wa Delhi: linga linagwa koma misika ikadali yamoyo

Mzinda wakale wa Delhi, womwe dzina lake lenileni ndi Shahjahanabad, ndi chigawo cha likulu la dziko la India chomwe chinamangidwa m'kati mwa linga zaka zoposa 370 zapitazo. Mbali yaikulu ya lingalo inagwetsedwa ndipo ufumu womwe unalimanga unatha, koma misewu, misika ndi nyumba zopempheramo za nthawi imeneyo zikugwirabe ntchito mpaka lero.

Chomwe chasunga mzindawu ndi anthu omwe akukhalamo ndi kuchitiramo malonda. Misewu yambiri ndi yopapatiza moti galimoto singalowe, choncho mlendo amauona bwino mzindawu akamayenda pansi. Ogwira ntchito m'boma a ku Malawi omwe amafika ku New Delhi kumisonkhano kapena kumaphunziro a ndondomeko ya ITEC, yomwe boma la India linakhazikitsa m'chaka cha 1964, angathe kuzungulira malo otchuka onse pa tsiku limodzi.

Chiyambi cha mzindawu

Mzindawu unamangidwa ndi Shah Jahan, mfumu yachisanu ya ufumu wa Mughal, yomwe inalamulira kuyambira 1628 mpaka 1658. Mfumu yomweyi ndi imene inamanga Taj Mahal ku Agra. Pofuna likulu latsopano, iyo inasankha malo a m'mbali mwa mtsinje wa Yamuna, ndipo inasamukirako m'chaka cha 1648.

Linga lozungulira mzinda linali ndi zipata zikuluzikulu 14, ndipo zambiri zinatchedwa mayina a madera omwe misewu yake inkaloza. Mwa zomwe zatsala, zodziwika kwambiri ndi Kashmiri Gate, Ajmeri Gate, Turkman Gate ndi Delhi Gate.

Ufumu wa Mughal unathera mumzinda womwewu. M'chaka cha 1857 asilikali a chimwenye anaukira atsamunda a ku Britain ndipo anasankha Bahadur Shah Zafar, mfumu yomaliza ya Mughal, kukhala mtsogoleri wawo. Atsamunda atalandanso mzindawu anathamangitsa eni ake, anagwetsa nyumba zoyandikana ndi nyumba yachifumu, ndipo mfumuyo anaitumiza ku Rangoon komwe inamwalira m'chaka cha 1862. Atatsegulira likulu latsopano la New Delhi m'chaka cha 1931, Shahjahanabad inangotsala ndi dzina loti Old Delhi.

Red Fort

Alendo ambiri amayambira ulendo wawo pa Red Fort, kapena kuti Lal Qila, yomwe inali nyumba yachifumu. Inamangidwa pakati pa 1639 ndi 1648 ndipo ili ndi linga lakelake la miyala yofiira lotalika makilomita oposa awiri. Mbali yoyang'ana kumzinda lingalo linakwera mamita 33.

Polowera ndi pa Lahori Gate. Mlendo amadutsa mu Chhatta Chowk, msika wofoleredwa womwe kale unkagulitsa nsalu ndi zokongoletsera kwa a kubanja lachifumu, kenaka amafika pa Diwan-i-Aam, bwalo lomwe mfumu inkamvera madandaulo a anthu wamba. Kuseri kwake kuli Diwan-i-Khas, komwe inkakumana ndi nduna zake. M'menemo ndi momwe munali mpando wachifumu wagolide womwe Nadir Shah wa ku Persia anaulanda m'chaka cha 1739.

Nyumba zambiri za m'kati mwa lingali zinagwetsedwa ndi atsamunda omwe anamangapo nyumba za asilikali. Asilikali a dziko la India anachokamo m'chaka cha 2003 n'kupereka malowa kunthambi ya boma yosamalira zinthu zakale ya Archaeological Survey of India, ndipo mu 2007 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Chaka chilichonse pa 15 Ogasiti, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, nduna yaikulu ya dzikolo imakweza mbendera pa Lahori Gate ndi kulankhula kumtundu wonse.

Msewu wa Chandni Chowk

Kutsogolo kwa Lahori Gate kwayambira Chandni Chowk, msewu waukulu wa mzindawu, womwe unakonzedwa m'chaka cha 1650 ndi Jahanara, mwana wamkazi wa Shah Jahan. Kale pakati pa msewuwu pankadutsa ngalande ya madzi ndipo panali dziwe lomwe linkanyezimira mwezi ukawala. Dzina la msewuwu linachokera pamenepo.

Pamtunda wa kilomita imodzi ndi mamita 300 pali nyumba zopempheramo za zipembedzo zisanu. Koyambirira kuli kachisi wofiira wa chipembedzo cha Jain yemwe ali ndi chipatala cha mbalame. Pafupi naye pali kachisi wa Ahindu wa Gauri Shankar, ndipo chapatsogolo pali tchalitchi cha Baptist.

Pakatikati pali Gurdwara Sis Ganj Sahib, kachisi wa Asikh yemwe anamangidwa pamalo pomwe mtsogoleri wawo wachisanu ndi chinayi, Guru Tegh Bahadur, anadulidwa mutu m'chaka cha 1675 molamulidwa ndi mfumu Aurangzeb. Pakachisiyu amaphika chakudya chaulere tsiku lililonse, ndipo aliyense, posatengera chipembedzo kapena udindo, amakhala pansi pamzere umodzi n'kudya. Wolowa amavula nsapato ndi kufunda kansalu kumutu.

Msewuwu wathera pa mzikiti wa Fatehpuri, womwe unamangidwa m'chaka cha 1650 ndi mmodzi mwa akazi a Shah Jahan. Nkhondo ya 1857 itatha atsamunda anaugulitsa kwa munthu wina wamalonda, ndipo unabwezedwa kwa Asilamu m'chaka cha 1877.

Misika

Malonda a mumzindawu anagawidwa potsata misewu, ndipo msewu uliwonse umadziwika ndi katundu wake. Ku Dariba Kalan amagulitsa ndolo, mphete ndi zibangili za siliva. Ku Kinari Bazaar kuli zokongoletsera zovala za ukwati, ku Nai Sarak kuli mabuku a sukulu, ku Chawri Bazar kuli mapepala ndi makadi a ukwati, pomwe ku Bhagirath Palace kuli zipangizo za magetsi. Ku Ballimaran, komwe amagulitsa nsapato ndi magalasi a m'maso, kulinso nyumba yomwe munkakhala mlakatuli Mirza Ghalib, yemwe anamwalira m'chaka cha 1869.

Pafupi ndi mzikiti wa Fatehpuri pali Khari Baoli, msika wopikulitsa zokometsera chakudya womwe umatchuka kuti ndi waukulu kuposa yonse ya mtunduwu mu Asia. Tsabola wouma, jinja, masamba a tiyi, mtedza ndi zipatso zouma zimafika m'matumba ndipo zimanyamulidwa pamutu kapena pangolo zokankha. Fungo la tsabola limayetsemulitsa ngakhale munthu wongodutsa. M'misika yambiri kunenerera mtengo ndi kololedwa.

Jama Masjid

Kuchokera pa Chandni Chowk, msewu wa Dariba Kalan umatulukira pafupi ndi Jama Masjid, umodzi mwa mizikiti ikuluikulu m'dziko la India. Unamangidwa pakaphiri pakati pa 1650 ndi 1656. Uli ndi zipata zitatu, madenga atatu ozungulira a mwala woyera, ndi nsanja ziwiri zotalika mamita 40. Bwalo lake limakwana anthu pafupifupi 25,000.

Atsamunda anaulanda m'chaka cha 1857 n'kuikamo asilikali, ndipo anaubweza mu 1862. Alendo a zipembedzo zina amaloledwa kulowa kupatula nthawi ya mapemphero, bola avule nsapato ndi kuvala modzilemekeza.

Zakudya za mumsewu

Zakudya za mumzindawu zimatsata zikhalidwe za anthu okhala m'dera lililonse. Mbali ya Chandni Chowk, komwe kuli Ahindu ndi Ajain ambiri, zakudya zambiri ndi zopanda nyama. Mukanjira ka Paranthe Wali Gali muli malo odyera omwe anayamba m'zaka za m'ma 1870. Amagulitsa paratha, chapati yokazinga m'mafuta yomwe m'kati mwake amaikamo mbatatesi, mphodza kapena ndiwo zamasamba.

Pali samusa, yemwe Amalawi amamudziwa kale, komanso chaat, chomwe ndi mbatatesi yokazinga ndi tchana zothiridwa chambiko, tsabola ndi msuzi wa bwemba. Jalebi ndi ufa wa tirigu wokazingidwa mozungulirazungulira kenaka n'kuviikidwa m'madzi a shuga, ndipo amakoma akadali wotentha. Nyengo yozizira kumapezeka daulat ki chaat, thovu la mkaka lotsekemera lomwe limasungunuka dzuwa likakwera.

Mbali ya Jama Masjid, makamaka mumsewu wa Matia Mahal, ndi kwa nyama. Kuli kebab, nyama yowotcha pamakala, biryani, mpunga wophika pamodzi ndi nyama, ndi nihari, nyama yomwe imaphikidwa usiku wonse n'kudyedwa m'mawa. Malo odyera a Karim's anatsegulidwa kumeneko m'chaka cha 1913. M'mwezi wa Ramadan msewuwu umadzaza kuyambira dzuwa litalowa mpaka mbandakucha.

Ntchito ya boma

Kuchulukana kwa anthu ndi malonda kwabweretsanso mavuto. Nyumba zambiri zakale zinasanduka mosungira katundu, mawaya a magetsi akulendewera m'tinjira, ndipo moto ukabuka galimoto zozimitsa zimalephera kufika. Mu Novembala 2022 moto unayaka kwa masiku angapo ku Bhagirath Palace ndi kuononga masitolo ambiri.

Boma linayesapo kukonza mzindawu mwa mphamvu. M'chaka cha 1976, pa nthawi yomwe nduna yaikulu Indira Gandhi inkalamulira ndi malamulo a nthawi ya ngozi, nyumba za pa Turkman Gate zinagwetsedwa, apolisi anaombera anthu omwe ankakana kusamuka ndipo ena anafa. Nkhaniyi ndi imodzi mwa zomwe anthu ankadandaula nazo pomwe boma lakelo linagonja pachisankho cha 1977.

Njira zotsatira zinali zosiyana. Mu 2005 sitima zapansi pa nthaka zinafika ku Chandni Chowk ndi Chawri Bazar popanda kugwetsa misika ya pamwamba. Mu 2014 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza mavenda, lomwe limati asachotsedwe asanawerengedwe ndi kupatsidwa ziphaso, komanso kuti mwa mamembala 100 aliwonse a makomiti oyendetsa malonda a mumsewu, 40 akhale mavenda eniake.

Mu Sepitembala 2021 boma la Delhi linatsegulira msewu wa Chandni Chowk utakonzedwanso. Mawaya anakwiriridwa pansi, msewu unayalidwa miyala yofiira, ndipo galimoto zinaletsedwa kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku kuti oyenda pansi ndi njinga zamatayala atatu zizidutsa momasuka. Ntchitoyi inakhudza msewu waukulu wokha. Tinjira ta m'mbali, komwe kuli malonda ambiri, tinatsala momwe tinalili.

Zofunika kudziwa

Nyengo yabwino yoyenda pansi ndi kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ngakhale kuti mu Novembala ndi Disembala mpweya umaipa ndi utsi. Mu Meyi ndi Juni kutentha kumaposa madigiri 40. Lamulungu masitolo ambiri a pa Chandni Chowk amakhala otseka, ndipo Lachisanu masana Jama Masjid imadzaza ndi opemphera.

Mlendo akulangizidwa kudya chakudya chomwe chaphikidwa iye akuona, kumwa madzi a m'botolo losatsegula, kusunga pasipoti ndi ndalama mosamala kaamba ka opisa m'matumba, komanso kupempha chilolezo asanajambule munthu. Masiteshoni a sitima a Lal Qila ndi Jama Masjid, omwe anatsegulidwa mu 2017, ali pafupi ndi poyambira ndi pothera ulendowu.