Thiacetazone ndi Ana a Chifuwa Chachikulu ku Lusaka

Thiacetazone anakondedwa ndi maboma osauka chifukwa anali wotsika mtengo, ndipo kwa zaka zambiri odwala chifuwa chachikulu ankamumwa pamodzi ndi isoniazid. Kachilombo ka HIV katafala, madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka anayamba kuona ana akusupuka khungu patangopita milungu yochepa chiyambire kumwa mankhwalawa.

Mu 1993, Profesa Chifumbe Chintu ndi anzake anasindikiza zimene anapeza. Mwa ana 237, ana 22 anatuluka zilonda pakhungu, ndipo 19 mwa iwowa anali ndi kachilomboko. Ana 12 anafika pa matenda oopsa a Stevens-Johnson. Pafupifupi onsewo anamwalira. Chomvetsa chisoni n'chakuti ethambutol, amene pambuyo pake analowa m'malo mwa thiacetazone, analipo kale, koma anali wodula.