Sitima yoyandama inayamba bwanji, nanga kathu kakugweranji?



Amene munalipo Loweruka lapitali munadzionera nokha. Kagalimoto kathu ka maginito, kamene takhala tikulimbana nako milungu itatu pokonzekera mpikisano wa sayansi, kanayandama masekondi awiri basi, kenako kanatembenuka chagada n'kukakamira pa njanji ngati nkhupa pa khutu la galu. Tinasintha maginito, tinadula katoni, tinawonjezera guluu, koma zomwezo. Ena mpaka munayamba kunena kuti tingozisiya, tibwerere ku sefa ya madzi ya chaka chatha ija. Musanagwe ulesi, tamvani kaye kumene nkhaniyi inachokera, chifukwa yankho la vuto lathu lili momwemo.

Vutoli ndi lakale kuposa agogo a agogo athu. Mu 1842, Samuel Earnshaw, m'busa wa ku England yemwenso anali katakwe pa masamu, anasonyeza kuti chinthu sichingakhazikike m'malere pongodalira mphamvu zokankhana kapena zokokana zomwe sizisinthasintha. Lamulo lakeli limagwiranso ntchito pa maginito wamba ngati athuwa. Mukawayang'anizitsa mbali zokankhana, apamwambawo amafunafuna pothawira, ndipo amapapeza ndithu. Zili ngati kukhazika dzira pamwamba pa mpira: likangosuntha pang'ono, basi lapita. Ndiye musadzione ngati mbuli ayi. Palibe guluu amene angagonjetse Earnshaw. Mbiri yonse ya sitima zoyandama, zomwe zimadziwika ndi dzina loti maglev, ndi ya anthu ofunafuna njira yozembera lamulo limeneli.

Mmodzi mwa oyamba kulizemba anali Emile Bachelet, yemwe anabadwira ku France koma ankakhala ku America. Iye anasiya maginito wamba n'kugwiritsa ntchito maginito a magetsi, omwe mphamvu yake imasinthasintha mofulumira, n'kuika aluminiyamu pamwamba pake. Aluminiyamu sakokedwa ndi maginito, koma mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi naye, mkati mwake mumabadwa magetsi amene amakankhana ndi maginitowo. Mukhoza kuona m'bale wake wa zimenezi panokha: ponyani maginito amphamvu m'paipi ya kopa, muona akutsika mwaulesi ngati akudutsa mu uchi. Bachelet analandira chiphaso cha umwini wa nzeruyi mu 1912, ndipo mu 1914 anakaonetsa kasitima kake kakang'ono ku London. Anthu anachita nako chidwi, koma kankadya magetsi ambiri, ndipo chaka chomwecho nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayambika. Nkhani inathera pomwepo.

Ku Germany, injiniya wina dzina lake Hermann Kemper anabwera ndi njira ina, yomwe anailembetsa mu 1934. M'malo mokankhana, iye anati maginito azikoka. Sitima ikumbatire njanji, maginito ake akhale kunsi kwa chitsulo, aziikokera m'mwamba. Akayandikira kwambiri, makina achepetse magetsi; akatalikira, awonjezere. Kuteroko kumafunika kuchitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo zida za nthawi yake zinali zisanafikepo poti n'kunyamula sitima yeniyeni. Panadutsa zaka zoposa 30 Ajeremani asanaitolenso nzeruyi n'kupanga sitima yotchedwa Transrapid, yomwe imayandama pafupifupi sentimita imodzi yokha. Mu 1979 inanyamula anthu pa chionetsero cha zamtengatenga ku Hamburg.

Komatu kuyandama ndi kwina, kuyenda ndi kwina. Sitima yosakhudza pansi ilibe gudumu loti liponde njanji n'kuikankha. Apa ndi pamene pakubwera Eric Laithwaite wa ku Britain, yemwe anadzakhala pulofesa ku Imperial College ku London. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, iye analimbikira pa mota yotambasula. Ganizirani mota ya fani ija, muing'ambe mbali imodzi n'kuiyala pansi ngati mphasa. Mphamvu yomwe inkazunguza chitsulo tsopano ikuchithamangitsa molunjika. Boma la Britain linaika ndalama pa sitima yoyesera yoyandama pa mpweya, yoyendetsedwa ndi mota yotereyi, koma mu 1973 linatseka thumba. Ntchito inaima ngakhale kuti sitimayo inali itayamba kale kuthamanga pa njanji yoyesera.

Njira yachitatu inachokera kwa James Powell ndi Gordon Danby, asayansi a pa laboretale ya Brookhaven ku New York. Powell nzeruyi inamufikira atakodwa pa mdipiti wa magalimoto pa mlatho wina mumzindawo, ndiye nanunso mukakhala mu minibasi yodikira kudzaza musamangodandaula. Mu 1966 awiriwa anafalitsa ganizo logwiritsa ntchito maginito a superconductor. Awa ndi mawaya amene akazizira kwambiri, pafupifupi madigiri 269 kunsi kwa ziro, magetsi amayendamo popanda chowatchinga, ndipo amapanga maginito amphamvu zedi. Sitima ikamathamanga, maginitowa amadzutsa magetsi m'makoilo a m'njanji, makoilowo n'kuinyamula. Chodabwitsa n'chakuti kwawo ku America sanamange sitima yotereyi. Amene anaigwiritsitsa ndi a ku Japan, omwe anali atayamba kafukufuku wawo mu 1962. Mu 1972 sitima yawo yoyesera inayandama koyamba, ndipo mu 1979 ina yopanda anthu inafika makilomita 517 pa ola.

Mwina mukuganiza kuti sitima yoyamba ya maglev yotumikira anthu tsiku ndi tsiku inali chilombo cha liwiro. Ayi ndithu. Inatsegulidwa mu 1984 ku Birmingham, pakati pa bwalo la ndege ndi siteshoni ya sitima, mtunda wa mamita 600 okha, ndipo liwiro lake linali makilomita 42 pa ola. Inagwira ntchito zaka 11 n'kutsekedwa mu 1995. Chinaipha si ngozi ayi, koma kukalamba kwa zida zake zamagetsi ndi kusowa kwa masipeya. Ife amene timadziwa mijigo ndi zigayo zomwe zinafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi, nkhaniyi si yachilendo.

Ngozi yoopsa inadzachitika ku Germany pa 22 Sepitembala 2006, pa njanji yoyesera pafupi ndi tauni ya Lathen. Sitima ya Transrapid inawomba galimoto yokonzera njanji yomwe inali isanachotsedwe, ndipo anthu 23 anafa. Maginito sanalakwitse kanthu. Inaloledwa kunyamuka njanji isanayere. Patapita zaka zochepa njanji yoyeserayo inatsekedwa.

Pamene izi zimachitika, nzeru ya Ajeremaniyi inali itayamba kale kugwira ntchito ku China. Kuyambira 2004, sitima ya maglev ya ku Shanghai imayenda makilomita 30 kuchokera ku bwalo la ndege la Pudong, ndipo pa liwiro lake lapamwamba la makilomita 431 pa ola, ulendowu unkatha mphindi zisanu ndi zitatu zisanakwane. Ku Japan, pa 21 Epulo 2015, sitima ya L0 inafika makilomita 603 pa ola pa njanji ya ku Yamanashi. Imayamba ndi matayala, ndipo ikafika pafupifupi makilomita 150 pa ola imawapinda n'kuyandama masentimita 10. Akumanga njanji ya makilomita 286 kuchokera ku Tokyo kufika ku Nagoya, ulendo wa mphindi 40, mtunda woyandikira wa Blantyre ndi Lilongwe. Ankafuna kuitsegula mu 2027, koma chaka chimenecho anachisiya, makamaka chifukwa cha mkangano ndi chigawo cha Shizuoka, komwe anthu ankaopa kuti kuboola phiri kuchepetsa madzi a mtsinje wa Oi. Mwaona? Kuchokera 1962 mpaka lero, ntchito ikadali m'manja. Ife milungu itatu yokha tatopa kale, eti?

Tsono tibwerere ku kathu kaja. Ife tilibe makina a Kemper, tilibe zoziziritsira za Powell ndi Danby. Chotsala ndi makoma. Ngakhale pa mpikisano wa ana asukulu umene laboretale ya Brookhaven imachititsa, njanji imakhala ndi makoma mbali zonse ziwiri. Si kubera ayi: maginito amanyamula, makoma amaletsa kuthawira m'mbali. Makomawo akhale osalala, ndipo kagalimoto kachepe pang'ono chabe kuposa njanji. Kakathina kakhuzika, kakakhwepa kapendama n'kugubuduzika. Batire tiike pakati komanso pansi, chifukwa mutu ukalemera n'chimodzimodzi kusenza ndowa yodzaza uli pa njinga. Chokankha chikhale fani yaing'ono, popeza mota ya Laithwaite yatikulira chaka chino.

Musanamate maginito aliwonse, ayeseni ndipo mulembe chizindikiro pa mbali yake. Samalani kwambiri ndi a mu hard disk, chifukwa nkhope imodzi imakhala ndi mbali zonse ziwiri, theka lokoka theka lokankha. Ndikukayikira kuti ena mwa amenewa ndi amene anatigwetsa Loweruka lija. Tisunge batire ndi mota zapadera, tisachite za ku Birmingham pamaso pa oweruza. Ndipo munthu mmodzi yekha ndiye azilamula kuyatsa, atayang'ana kaye kuti pa njanji palibe sikuludiraiva kapena chala cha munthu. Maginito amphamvu amatsina, ndipo mwana akawameza ndi nkhani ya kuchipatala, choncho aang'ono athu asawayandikire.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga. Loweruka likubwerali tikumane nthawi yomwe ija. Amene muli ndi masipika akufa, marula apulasitiki kapena zidutswa za aluminiyamu zotsala kwa okonza mawindo, bwerani nazo. Oweruza akadzatifunsa chifukwa chimene njanji yathu ili ndi makoma, aliyense wa ife adzathe kutchula dzina la Earnshaw n'kufotokoza bwinobwino.