A Bedouin: Anthu a M'chipululu ndi Chakudya Chawo

Kwawo

A Bedouin ndi Aluya a m'chipululu. Amapezeka ku Saudi Arabia, Jordan, Syria, Iraq, ku Sinai m'dziko la Egypt komanso kumpoto kwa Africa. Kale sankamanga nyumba zokhalitsa. Kumene kwagwa mvula ndi kumene kumamera msipu, choncho banja lonse linkasamukira komweko ndi ziweto. Nyengo yotentha ikafika, ankakhala pafupi ndi zitsime za fuko lawo.

Ngamila ndi hema

Anthu a ku Arabia anayamba kuweta ngamila ya linunda limodzi zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Linundalo limasunga mafuta, osati madzi monga ambiri amaganizira. Ngamila inkasenza katundu ndi kupereka mkaka, ndipo ndowe zake zikauma zinkalowa m'malo mwa nkhuni.

Hema ankaluka ndi amayi, ndi ubweya wa mbuzi zakuda. Mvula ikagwa ubweyawo umafufuma, madzi osalowa. M'katimo munali nsalu yogawa mbali ya abambo ndi alendo, ndi mbali ya amayi ndi ana.

Chakudya cha pa ulendo

Munthu woyendayenda salima, ndipo sasenza chinthu choti chiwola mawa. Chakudya chawo chonse chinkatsatira lamulo limeneli.

Masiku ambiri ankadya mkaka wa ngamila ndi tende, zipatso zotsekemera za kanjedza. Tende ndi ufa wa tirigu ankagula kwa alimi a m'midzi, posinthanitsa ndi ziweto kapena ubweya. Mbusa akakhala kutali ndi hema, ankakanda ufa ndi madzi ndi mchere, n'kukwirira mkatewo m'phulusa lamoto. Ukapsa, ankaugogoda kuti phulusa lichoke.

Luso lalikulu linali pa mkaka wa mbuzi ndi nkhosa, chifukwa sunkapezeka chaka chonse. Amayi ankauthira m'thumba lachikopa n'kumalikhutchumula mpaka mafuta atayandama. Mafutawo ankawawiritsa kuti asawonongeke, ndipo amatchedwa samn. Chambiko chotsala ankachithira mchere, kuchiumba mibulu n'kuchiumitsa. Mibulu imeneyi ndi jameed. Imauma gwa, imakhala miyezi yambiri, ndipo pophika amaiviika m'madzi kuti isungunuke.

Dzombe likatera, ankalitola n'kuliwotcha monga timachitira kwathu kuno.

Nyama ndi ya mlendo

Chiweto chinali chuma, sichinkaphedwa wamba. Nyama inkadyedwa pa ukwati, pa chikondwerero, kapena kukabwera mlendo. Mwambo unkati mlendo asungidwe masiku 3 asanafunsidwe chimene wadzera. Pamenepa panali nzeru, chifukwa m'chipululu wolandira mlendo lero ndiye wosochera wa mawa.

Ku Jordan chakudya cha ulemu ndi mansaf. Amaphika nyama ya nkhosa mu msuzi wa jameed, n'kuiika pa mpunga ndi mkate wopyapyala m'mbale imodzi yaikulu. Anthu amadya ataimirira, ndi dzanja lamanja. Mu 2022 bungwe la UNESCO linaika mansaf pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa.

Khofi

Mwini hema ankakazinga khofi alendo akuona, n'kumusinja mu mtondo waung'ono. Oyandikana nawo akamva kulira kwa mtondowo, ankadziwa kuti kwabwera alendo. Khofiyo ndi wowawa, wopanda shuga, ndipo amathira pang'ono pokha m'kapu. Mlendo akakwana, amagwedeza kapu poibweza.

Zinthu zinasintha

Kwa zaka mazana ambiri, Asilamu opita ku Haji kuchokera ku Damascus ankadutsa m'dziko la a Bedouin. Mafukowo ankabwereketsa ngamila, ndipo boma la Ottoman, limene linkalamulira derali, linkawalipira kuti asavutitse apaulendo. Mu 1908 njanji ya Hejaz yochokera ku Damascus inafika ku Medina, phindu limeneli n'kuyamba kuchepa. Mu 1916 Aluya anaukira ulamuliro wa Ottoman. Auda Abu Tayi wa fuko la Howeitat anatsogolera ankhondo amene analanda doko la Aqaba mu 1917.

Nkhondo imeneyi itatha, kunabwera malire a mayiko atsopano, ndipo ena anadula njira za kumsipu. Mu 1938 ku Saudi Arabia kunapezeka mafuta a pansi pa nthaka, anyamata ambiri n'kupita kukalowa ntchito. Maboma nawonso ankafuna kuti anthuwa akhazikike pamalo amodzi, ena mwa kufuna kwawo, ena mokakamizidwa. Cha mu 1985 boma la Jordan linachotsa fuko la Bedul m'mapanga a ku Petra n'kulipititsa ku mudzi wa Umm Sayhoun.

Lero a Bedouin ambiri ali m'nyumba za simenti, ana akupita kusukulu. Ku Wadi Rum, m'dziko la Jordan, ena amalandira alendo odzaona malo, n'kuwaphikira zarb, nyama yophikira m'dzenje la makala lokwiriridwa ndi mchenga. Amene akuwetabe nkhosa amazitengera madzi ndi chakudya pa galimoto.