1979: Chaka Chimene Asilikali Akunja Anachotsa Ankhanza Atatu

Pali mkangano umene sukalamba. Dziko lina likatumiza asilikali kukachotsa mtsogoleri wankhanza wa dziko lina, ena amati zili bwino, wakupha anthu ake achoke basi, kaya womuchotsayo ndi ndani. Ena amati ayi, malire ndi malire. Tikamakangana timakonda kuthamangira ku Iraq ndi ku Libya poti ndi nkhani zimene tinakula tikuzimva. Lero tibwerere m'mbuyo pang'ono, ku 1979. M'chaka chimodzi chokhachi atsogoleri atatu anachotsedwa ndi asilikali ochokera kunja: Pol Pot ku Cambodia mu Januwale, Idi Amin ku Uganda mu Epulo, ndi Jean-Bédel Bokassa ku Central Africa mu Sepitembala. Mlandu unali umodzi, koma chigamulo cha mayiko chinatuluka patatu.

Tiyambe ndi ya aneba athu. Amin analanda boma pa 25 Januwale 1971, Milton Obote ali ku msonkhano wa Commonwealth ku Singapore. Obote anakakhala ku Dar es Salaam, ndipo kuyambira pamenepo Amin ndi Julius Nyerere sankamwerana madzi. Nkhanza za Amin sizinali zobisika. Mu 1972 anapatsa Amwenye masiku 90 kuti atuluke m'dziko. Chaka chomwecho anthu ake anakagwira jaji wamkulu Benedicto Kiwanuka m'bwalo la milandu momwemo, ndipo sanaonekenso. Mu Febuluwale 1977 Akibishopu Janani Luwum wa mpingo wa Anglican anaphedwa, boma n'kulengeza kuti wafa pa ngozi ya galimoto. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri cha anthu ophedwa m'zaka zisanu ndi zitatu za Amin ndi 300,000.

Nanga atsogoleri a mu Africa anachitapo chiyani? Mu 1975 anakachitira msonkhano wa OAU ku Kampala komweko, n'kumusankha Amin kukhala wapampando wa bungwelo. Nyerere, Kenneth Kaunda ndi Seretse Khama anakana kupitako. Lamulo la OAU, lolembedwa ku Addis Ababa mu 1963, linkati dziko lisalowerere nkhani za m'nyumba mwa linzake. Tisalinyoze msanga lamuloli. Mayiko anali atangolandira ufulu, malire anali ojambulidwa ndi atsamunda, ndipo aliyense akanayamba kulowa kwa mnzake nkhondo sizikanatha. Vuto linali lakuti boma la azungu ku Rhodesia kapena ku South Africa likapha anthu akuda, OAU inkafuula mpaka kusasa mawu, koma wakuda akapha akuda anzake kunali zii. Nyerere ankadandaula zimenezi poyera.

Amin anaputa yekha tsoka. Mu Okutobala 1978 asilikali ake anawoloka malire n'kulanda dera la Tanzania la kumpoto kwa mtsinje wa Kagera, akupha anthu wamba ndi kufunkha ng'ombe ndi katundu. Analengeza kuti deralo tsopano ndi Uganda, kenako n'kumuuza Nyerere kuti bwanji angokamenyana nkhonya awiriwiri nkhani ithe (Amin anali katswiri wa nkhonya ali mnyamata). Nyerere anapempha OAU kuti idzudzule kulandidwa kwa dziko lake. OAU inangoti tiyeni tikuyanjanitseni. Ndiye Tanzania inasonkhanitsa asilikali, kupirikitsa a Amin ku Kagera, ndipo siinaime pa malire. Masaka ndi Mbarara zinagwa mu Febuluwale 1979. Muammar Gaddafi anatumiza asilikali a Libya kudzathandiza Amin, koma anagonja pa Lukaya mu Malichi. Mwezi womwewo magulu a anthu a ku Uganda othawa kwawo anakumana ku Moshi n'kusankha Yusuf Lule kukhala mtsogoleri. Pa 11 Epulo Kampala inagwa, Amin anathawira ku Libya, kenako ku Saudi Arabia kumene anafera mu 2003, osaimapo pa bwalo la milandu.

Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Nyerere sananene kuti dziko lili ndi ufulu wolowa kwa linzake kukapulumutsa anthu. Iye ankati pali nkhondo ziwiri: Tanzania ikudziteteza kwa munthu amene waiputa, ndipo anthu a ku Uganda akumasula dziko lawo okha. Aliyense ankadziwa kuti akasinja amene analowa mu Kampala anali a Tanzania, koma mawuwo anathandiza kuti mayiko asachite manyazi. Pa msonkhano wa OAU ku Monrovia mu Julayi 1979, Jaafar Nimeiry wa Sudan ndi Olusegun Obasanjo wa Nigeria anadzudzula Tanzania kuti yatsegula khomo loopsa. Zinathera pomwepo. Bungwe la United Nations silinakambirane n'komwe nkhaniyi, ndipo boma latsopano la Uganda linavomerezedwa mwachangu. Chilango cha Tanzania chinali cha m'thumba: nkhondoyo inadya madola pafupifupi 500 miliyoni, dziko lili losauka kale.

Tsopano tiwoloke nyanja tipite ku Asia, kumene nkhani yonga yomweyi inachitika miyezi itatu m'mbuyo mwake. Gulu la Khmer Rouge la Pol Pot linalanda Phnom Penh pa 17 Epulo 1975. Linatulutsa anthu onse m'mizinda kukalima ku midzi, linathetsa ndalama, sukulu ndi chipembedzo, ndipo linkapha aphunzitsi, madokotala ndi aliyense wokayikiridwa. Pasanathe zaka zinayi anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anali atafa ndi njala, matenda ndi kuphedwa, m'dziko la anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ganizani, pa anthu asanu alionse mmodzi kulibe. Monga Amin, Pol Pot naye anaputa neba. Asilikali ake ankalowa mu Vietnam kukapha anthu a m'midzi, ndipo ku Ba Chuc mu Epulo 1978 anapha anthu oposa 3,000. Vietnam inalowa pa 25 Disembala 1978, n'kufika ku Phnom Penh pa 7 Januwale 1979. Nayonso inati ikudziteteza, komanso kuti a Cambodia akudzimasula okha. Mawu omwe aja a Nyerere.

Koma taonani malipiro ake. Ku United Nations mayiko ambiri anafuna chigamulo chakuti asilikali akunja atuluke mu Cambodia, chimene chinalephereka chifukwa Soviet Union inachitsekereza. Mu Febuluwale China inalowa kumpoto kwa Vietnam, yati ikukaiphunzitsa mwambo. Mayiko olemera anadula thandizo. Ndiye mu Sepitembala 1979 panabwera funso lakuti ndani akhale pa mpando wa Cambodia ku United Nations. Mayiko 71 anavotera nthumwi za Pol Pot, 35 anakana, 34 sanavote. America ndi Britain anali m'gulu la 71 lija. Apa n'kuti ndende ya Tuol Sleng itatsegulidwa kale, manda a anthu ambirimbiri ataoneka. Mu 1982 Khmer Rouge inalowa mu mgwirizano ndi magulu ena awiri, kuphatikizapo la Norodom Sihanouk, ndipo mgwirizanowo unagwirabe mpandowo mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Ya Bokassa ndi yaifupi. Mu Disembala 1977 anadziveka ufumu pa mwambo wodula zedi, France ikuthandiza. Mu 1979 ana a sukulu anakana kugula yunifolomu yodula yochokera ku kampani ya banja lake, ndipo mu Epulo ana pafupifupi 100 anaphedwa, ambiri m'ndende. France inaona kuti mnzake uja wayamba kuchititsa manyazi. Usiku wa pa 20 Sepitembala, Bokassa ali ku Libya, asilikali a France anatera ku Bangui atanyamula David Dacko m'ndege, n'kumukhazika pa mpando. Bokassa sanaputepo France, ndiye zodziteteza panalibe. Odzudzula anali ochepa kwambiri. Patangotha milungu ingapo nyuzipepala ina ya ku Paris inaulula kuti Pulezidenti Valéry Giscard d'Estaing analandirapo mphatso za dayamondi kwa Bokassa yemweyo.

Ndiye chinasiyanitsa atatuwa n'chiyani? Si kuchuluka kwa maliro, chifukwa amene anapha kwambiri ndi amene anasungiridwa mpando. Amin anali atatha mabwenzi. France inali France, ikuchita zake m'dziko limene inkalilamulira kale. Vietnam inali itangosainirana pangano la ubwenzi ndi Soviet Union mu Novembala 1978, ndipo inali mdani wa America ndi China nthawi imodzi. Kunena chilungamo, panali kusiyana kwina koona: Tanzania inachotsa asilikali ake ambiri pofika 1981, pamene Vietnam inakhala zaka khumi ikuyendetsa boma limene inaika yokha, ndipo Thailand inali ndi chifukwa choopera. Koma voti ya Sepitembala 1979 inachitika patangopita miyezi isanu ndi itatu. Palibe ankadziwa za zaka khumizo.

Iraq ndi nkhani yomweyi, yangosintha malaya. Mu Disembala 1983 Donald Rumsfeld anapita ku Baghdad ngati nthumwi ya America kukagwirana chanza ndi Saddam Hussein, poti Saddam ankamenyana ndi Iran. Mu Malichi 1988 Saddam anapha anthu pafupifupi 5,000 ndi mpweya wa poizoni ku Halabja, ndipo palibe anatumiza msilikali. Mu 2003 Rumsfeld yemweyo anali nduna ya chitetezo pamene America inalowa, chifukwa chachikulu chili zida zoopsa zimene sizinapezeke.

Maganizo anga ndi awa. Mawu akuti "bwanji simunalowe kwa uje" paokha sagwetsa mlandu. Kuti apolisi anamusiya wakuba wa dzulo sizitanthauza kuti wa lero amusiyenso. Mayi wa ku Phnom Penh amene anapulumuka mu Januwale 1979 sankafunsa ngati Vietnam ili ndi mtima woyera, ndipo anthu a ku Kampala analandira asilikali a Tanzania ndi nthungululu. Komabe kukondera kumeneku kuli ndi ntchito yake: kumatiululira chimene wolowayo wadzera. Ndipo chimene wadzeracho n'chimene chimasankha zochita zake mawa lake wankhanza atathawa, ngati akhala kapena achoka, ngati aika mnzake pa mpando kapena asiyira eni dziko.

Mawa lakelo ndi limene timaliiwala tikamakangana. Lule anakhala masiku 68 okha. Godfrey Binaisa sanakwanitse chaka. Chisankho cha Disembala 1980 chinabwezera Obote, bwenzi la Nyerere, pa mpando, ambiri akuti mavoti anaberedwa. Yoweri Museveni analowa m'tchire mu Febuluwale 1981, ndipo nkhondo ya ku Luwero inapha anthu wamba ochuluka zedi, moti ena ku Uganda mpaka lero amatsutsana kuti zaka zoipa kwambiri zinali ziti, za Amin kapena za Obote wachiwiri. Museveni analanda Kampala mu Januwale 1986. Ku Cambodia, Hun Sen amene anabwera ndi asilikali a Vietnam anakhala nduna yaikulu kuyambira 1985 mpaka 2023, n'kusiyira mwana wake. Dacko naye anachotsedwa ndi mkulu wa asilikali mu 1981.

Kwa ife funsoli si lachilendo kwenikweni. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, ena monga Kanyama Chiume anathawira ku Tanzania komweko kumene Obote anadzakhala pambuyo pake. Mu 1967 Yatuta Chisiza analowa ndi kagulu ka zida cha ku Mwanza ndipo anaphedwa. Tiyerekeze kuti Nyerere anachita ku Malawi zimene anachita ku Uganda. Agogo athu amene anali ndi abale ku Mikuyu mwina akanavina. Koma dziko lomwelo ndi limene timakangana nalo za malire a nyanja, ndiye ndani akanaliuza tsiku lotuluka? Chipani chimodzi chinatha ndi kalata ya mabishopu ya 1992, riferendamu ya Juni 1993 ndi chisankho cha 1994, zinthu zimene zinachedwa ndithu kwa amene anafera m'ndende.

Africa inayesa kukonza lamulo. Pangano lokhazikitsa African Union la mu 2000 lili ndi ndime 4(h), yolola bungweli kulowerera m'dziko mukachitika kupululutsa mtundu kapena milandu ikuluikulu ya nkhondo. Zinayesedwa ku Burundi mu Disembala 2015, pamene AU inati itumiza asilikali 5,000. Pierre Nkurunziza anati adzawathira nkhondo, ndipo atsogoleri atakumana mu Januwale 2016 anaisiya nkhaniyo. Chaka chotsatira ku Gambia zinatheka: Yahya Jammeh atakana zotsatira za chisankho chimene anagonja kwa Adama Barrow, asilikali a ECOWAS anawoloka malire kuchokera ku Senegal pa 19 Januwale 2017, ndipo patapita masiku awiri anakwera ndege. Gambia ndi kadziko kakang'ono kozunguliridwa ndi Senegal, ndiye ntchito siinavute. Jammeh anakatera ku Equatorial Guinea, kwa Teodoro Obiang, amene analanda boma mu Ogasiti 1979.